Adzukulu a m'tchire: chikumbu chokwirira nyama zakufa ndi m'mene akatswiri amachiikira m'magulu

Aliyense amene anayendapo m'mamawa m'njira za ku Ndirande, Bangwe kapena kuseri kwa msika wa Limbe anaonapo khoswe wakufa ali gone m'mbali mwa ngalande. Mukadutsanso pamalo omwewo patatha masiku atatu kapena anayi, mumapeza pali mbee, mwina patangotsala kachikopa ndi timafupa. Palibe munthu amene anabwera ndi khasu. Ntchitoyo yagwiridwa ndi akhwangwala, agalu, ntchentche, nyerere ndi tizilombo tina timene sitikhala nato chidwi.

Kumaiko ozizira a ku Ulaya, Asia ndi America kuli wantchito wina amene kuno kwathu kulibe. Ndi chikumbu chachifupi kuposa chala chaching'ono, chimene chikapeza mbewa kapena kambalame kakufa chimakumba pansi pake n'kukakwirira konse m'dothi. Akatswiri amachitcha Nicrophorus. Nkhani yake ikutiphunzitsa m'mene asayansi amaperekera maina kwa zolengedwa, komanso chifukwa chake mainawo ali ofunika ngakhale kwa mayi wogulitsa usipa ndi utaka wouma.

Maonekedwe ake ndi ntchito yake

Tiyeni titenge mtundu umodzi wodziwika bwino, Nicrophorus vespillo, umene umapezeka ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Kutalika kwake ndi pakati pa mamilimita 12 ndi 22. Thupi lake ndi lakuda, koma kumsana kuli mizere iwiri yopingasa ya mtundu wa lalanje lakupsa. Kumutu kuli tinyanga tiwiri tokhala ndi timibulu kunsonga, ndipo ndi timeneti timene chimanunkhizira fungo la nyama yakufa chili patali.

Fungo likamveka, zikumbu zingapo zimaulukira pamalopo ndipo pamabuka ndewu. Zazimuna zimalimbana zokhazokha, zazikazi nazonso zokhazokha. Kawirikawiri zikuluzikulu ndi zimene zimapambana, ndipo pamapeto pamatsala ziwiri, chachimuna ndi chachikazi. Ziwirizi zimalowa pansi pa mtembo wa mbewayo n'kuyamba kufukula dothi ndi mitu ndi miyendo. Dothi likamachoka pansi, mbewayo imatsika pang'onopang'ono mpaka kubisika. Pamalopo pakakhala pouma kwambiri, zimagona chagada pansi pa mtembowo n'kumaukankha ndi miyendo kufikira zitapeza dothi lofewa. Kumbukirani kuti mbewa imalemera kuposa chikumbucho kambirimbiri, komabe ntchitoyi imatha m'maola owerengeka, nthawi zambiri usiku umodzi.

Zikafika pansi, zimasosola ubweya kapena nthenga zonse, n'kuumba nyamayo kuti ikhale yobulungira ngati mpira. Kenako zimaipaka timadzi tochokera m'kamwa ndi kumbuyo kwake. Timadziti tili ndi mphamvu yochepetsa nkhungu ndi tizilombo toolesa, choncho nyamayo siwola msanga. Chachikazi chimaikira mazira m'dothi pafupi ndi mpirawo, ndipo patatha masiku owerengeka mphutsi zimaswa n'kukwawira pakabowo kamene makolo aboola pamwamba pa nyamayo.

Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Tizilombo tambiri tikaikira mazira timachoka osabweranso. Koma chikumbu ichi chimalera ana. Mphutsi ikamva njala imadzutsa mutu n'kumakanda kukamwa kwa kholo lake ndi timiyendo, ndipo khololo limabzikula chakudya chofewa n'kuidyetsa, monga m'mene nkhunda imachitira ndi maunda ake. Makolo amalondera malowo usana ndi usiku, kuthamangitsa zikumbu zina zofuna kulanda nyamayo. Amathanso kulira pokhuza mimba ndi mapiko olimba. Ana akachuluka kuposa chakudya, makolowo amapha ena adakali aang'ono kuti otsalawo akule mokwanira. Patatha pafupifupi sabata imodzi nyama imakhala itatha, mphutsi zimabalalika m'dothi, ndipo pakadutsa masabata angapo zimatuluka zili zikumbu zathunthu.

Katswiri wa ku France, Jean-Henri Fabre, anachita kafukufuku pa zikumbuzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pomangirira nyama zakufa kuti aone ngati zingathe kuzimasula. Mu 1933, mayi wina wa ku Germany, Erna Pukowski, ndi amene anafotokoza mwatsatanetsatane za kalereredwe ka ana ake.

Owerenga ambiri akumbukira kuti mu Surah Al-Ma'idah, ndime 31, mwana wa Adam amene anapha m'bale wake anaphunzira kukwirira mtembo poona khwangwala akufukula pansi. Kuyang'anitsitsa zimene zolengedwa zing'onozing'ono zikuchita si kutaya nthawi. Komabe tisasokoneze zinthu: chikumbuchi sichikwirira mbewa pochitira ulemu wakufayo. Chimabisa chakudya cha ana ake kuti ntchentche ndi mbalame zisachipeze. Phindu limene dziko limapeza, fungo kuchepa ndi nthaka kulandira chonde, limabwera chifukwa cha kulera kumeneko.

Dzina lake likutanthauzanji?

Dzina la sayansi la cholengedwa chilichonse limakhala ndi mawu awiri. Loyamba lili ngati mfunda kapena chiwongo, limene achibale onse apafupi amagawana. Lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokhawo. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kwa nyama imawerengedwa kuyambira mu 1758, pamene anatulutsa kachikhumi buku lake lotchedwa Systema Naturae.

Linnaeus yemweyo ndiye anayamba kutcha chikumbu chathuchi dzina mu 1758. Anachiika pamodzi ndi zikumbu zina zodya nyama zakufa n'kuchitcha Silpha vespillo. Mawu akuti vespillo ndi a Chilatini. Mumzinda wakale wa Rome, vespillo anali munthu wonyamula mitembo ya amphawi usiku kupita nayo kumanda. Mu 1775, wophunzira wake wa ku Denmark, Johan Christian Fabricius, anaona kuti zikumbu zokwirirazi n'zosiyana ndi zinzake zimene zimangodya pamtunda, choncho anazipatsa mfunda wawowawo, Nicrophorus, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza wonyamula akufa. Tikati timasulire m'chinenero chathu, maina onse awiri akuloza kwa adzukulu, aja amagwira ntchito ya kumanda.

M'mabuku mudzapeza palembedwa Nicrophorus vespillo, kenako dzina la Linnaeus ndi chaka cha 1758 zitatsekeredwa m'mikutiramawu. Zimenezi si zokongoletsa. Zikuuza wowerenga kuti amene anayamba kufotokoza mtunduwo ndi Linnaeus, koma pambuyo pake unasamutsidwa kuchoka mumfunda umene iye anauikamo. Palinso lamulo lakuti dzina loyamba kusindikizidwa ndi limene limakhala. Olemba ena a pambuyo pa Fabricius ankalemba Necrophorus, poti ndi kalembedwe koyandikira Chigiriki, koma lamuloli linabwezeretsa kalembedwe ka Fabricius, ndipo n'kamene kakugwira ntchito lero.

Makwerero asanu ndi awiri

Munthu akafunsidwa kwawo amayamba ndi dziko, kenako chigawo, boma, mfumu yaikulu, gulupu, mudzi, mpaka khomo la nyumba. Kaikidwe ka zolengedwa m'magulu kamayenda chimodzimodzi, kuchoka pa gulu lalikulu kutsika mpaka pa mtundu umodzi.

Dziko la chikumbuchi ndi Animalia, kutanthauza nyama zonse, kuyambira njovu mpaka nyongolotsi.

Chigawo chake ndi Arthropoda, zolengedwa zopanda mafupa m'kati koma zokhala ndi chigoba kunja ndi miyendo ya mfundomfundo. Nkhanu ya m'nyanja, kangaude, chinkhanira ndi bongololo zonse zili m'menemu.

Boma lake ndi Insecta, tizilombo ta miyendo 6 ndi thupi la zigawo zitatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Pano kangaude watsala, popeza ali ndi miyendo 8. Koma ngumbi, njuchi, ziwala ndi udzudzu zalowa.

Kwa mfumu yaikulu ndi Coleoptera, zikumbu zonse. Chizindikiro chake n'chakuti mapiko akutsogolo analimba n'kukhala chivundikiro cha mapiko oulukira. Mitundu yodziwika ya zikumbu ndi pafupifupi 400,000, kuposa gulu lina lililonse la nyama. Nankafumbwe wa m'chimanga ndi chiphaniphani chowala usiku ndi zikumbu. Nkhungu zimene zimauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja ya Malawi si zikumbu ayi, zili m'gulu la Diptera pamodzi ndi ntchentche ndi udzudzu.

Gulupu wake, amene akatswiri amati banja, kwa zaka zoposa 200 wakhala Silphidae, zikumbu za pa nyama zakufa, zokwana mitundu pafupifupi 200.

Mudzi wake ndi Nicrophorus, momwe muli mitundu pafupifupi 70. Khomo lake ndi vespillo.

Makwererowa sali ngati mwala wosasunthika. Kale akatswiri ankayang'ana maonekedwe okha: mapiko, tinyanga, miyendo. Masiku ano amayezanso DNA, uthenga wa chibadwa umene uli m'thupi la cholengedwa chilichonse. Kuyeza kumeneku kunasonyeza kuti Silphidae ndi nthambi chabe ya banja lina lalikulu, Staphylinidae, limene lili ndi mitundu yoposa 60,000. Mu 2022 gulu la akatswiri linatsitsa Silphidae kukhala kabanja kam'kati kotchedwa Silphinae. N'chifukwa chake wophunzira akatsegula buku lakale apeza dzina lina, akafufuza pa intaneti apezanso lina. Palibe amene wanama. Umboni watsopano ndi umene wasuntha malire, monga m'mene mudzi umasamutsidwira kwa gulupu wina anthu ake ali omwewo.

Chifukwa chiyani kuno kulibe?

Nicrophorus amapezeka ku Ulaya, Asia, America ndi kumpoto kwenikweni kwa Africa, m'maiko monga Morocco ndi Algeria. Kummwera kwa chipululu cha Sahara kulibe, ndipo ku Australia kulibenso. Kumadera otentha kumene amapezeka, monga kuzilumba za Indonesia ndi ku South America, amakhala m'mapiri mozizira.

Akatswiri ambiri amaloza ku mpikisano. Chikumbuchi chimafuna maola angapo kuti chikwirire nyama, komanso masiku angapo nyamayo isanawole. Taganizani za mwezi wa Okutobala ku Mangochi kapena ku Chirimba. Khoswe akafa m'mawa, ntchentche zobiriwira zimatera m'mphindi zochepa n'kuikira mazira, mphutsi zimaswa tsiku lisanathe, linthumbu ndi nyerere zikamva zimabwera mwaunyinji, ndipo khwangwala ali pa denga akuyang'ana. Wokumba wa pang'onopang'ono sangapeze kanthu. Chipululu cha Sahara nachonso chili ngati mpanda wotsekereza zikumbu za kumpoto.

Achibale ake enieni ndi ongofanana nawo ntchito

Ngakhale Nicrophorus kulibe, wachibale wake alipo mu Africa muno. Thanatophilus micans, amene Fabricius anamufotokoza mu 1794, ndi wa banja lomwelo ndipo amapezeka m'maiko ambiri a kummawa ndi kummwera kwa Africa. Ndi chikumbu chophwatalala, chakuda monyezimira. Sichikwirira kanthu ndipo sichilera ana. Chimafika pa nyama zikuluzikulu zakufa n'kuikira mazira m'dothi pafupi. Mu 2009, John Midgley ndi Martin Villet a pa Rhodes University ku South Africa anasindikiza kafukufuku wa liwiro limene mphutsi zake zimakulira pa kutentha kosiyanasiyana. Cholinga chinali kuthandiza apolisi ndi madokotala: mtembo wa munthu ukapezeka kutchire, msinkhu wa mphutsi za chikumbuchi ungasonyeze kuti papita masiku angati chimwalirireni. Kuwerengera kotere kumatheka pokhapokha mtundu wa chikumbucho wadziwika molondola, chifukwa mtundu uliwonse umakula pa liwiro lake.

Ndiye pali zikumbu zogubuduza ndowe, zimene mwana aliyense woweta ng'ombe amazidziwa. Izi zimakumba ndi kukwirira, ndipo zina mwa izo zimakwiriranso tizidutswa ta nyama yakufa. Kummwera kwa Africa kuli mfunda wa Sceliages, umene umakankha bongololo wakufa n'kukamukwirira kuti ukhale chakudya cha ana. Poona ntchito, munthu anganene kuti awa ndiwo abale a Nicrophorus. Koma ayi. Ali m'banja la Scarabaeidae, lotalikirana kwambiri. Apa pali phunziro lalikulu la kaikidwe ka m'magulu: kufanana ntchito si ubale. Asodzi awiri a pa doko limodzi sakhala a mimba imodzi chifukwa choti onse amapalasa bwato.

Chikumbu chimene chimatidyera ndalama

Pa zikumbu zonse za pa nyama zakufa, pali chimodzi chimene mabanja a kunyanja amakumana nacho tsiku ndi tsiku osadziwa dzina lake. Ndi Dermestes maculatus, cha banja la Dermestidae, chimene Charles De Geer wa ku Sweden anachifotokoza mu 1774. Dermestes amatanthauza wodya chikopa. Kutalika kwake sikupitirira sentimita imodzi. Kumsana n'chakuda, kumimba n'choyera. Mphutsi zake ndi zofiirira, zaubweya, ndipo zimathawira kumdima mukasuntha dengu.

Kutchire, chikumbuchi chimabwera komaliza, ntchentche zitamaliza gawo lawo ndipo patsala chikopa ndi mnofu wouma. Kumeneko n'chothandiza, moti nyumba zosungira zinthu zakale m'maiko ambiri zimachiweta dala kuti chiziyeretsa mafupa a nyama. Vuto n'lakuti kwa icho, mlamba wowamba kapena utaka wouma pathandala sizisiyana ndi nyama youma ya kutchire. Chachikazi chimaikira mazira m'ming'alu ya nsomba, mphutsi zimadya mnofu kuchokera m'kati, ndipo nsomba imaoneka yabwino kunja pamene m'kati mwatsala ufa ndi minga. Wogula ku Makanjira kapena ku Msaka amalipira mtengo wa nsomba yathunthu, koma pofika ku Limbe mtolo wapepuka ndipo ogula akuti zafumbwa. Chikumbu chomwechi chimaboolanso zikopa za mbuzi ndi ng'ombe zikasungidwa osathira mchere.

Kudziwa moyo wake ndiko kudziwa pochigwirira. Kukatentha, kuchoka pa dzira kufika pa chikumbu chachikulu pamatenga masabata 5 mpaka 7. Mphutsi ikakhwima imachoka pansomba n'kukaboola thabwa, nsungwi kapena chiguduli kuti isandukiremo. Choncho dengu lakale, thumba lakale ndi mashelefu a m'nyumba yosungiramo ndi zimene zimapatsira nsomba zatsopano. Sesani ndi kutentha zinyenyeswa zonse musanalowetse katundu wina. Yanikani madengu ndi matumba padzuwa lamphamvu. Musasakanize nsomba zakale ndi zatsopano. Umitsani nsomba mokwanira pathandala lokwera, ndipo kumene kuli nyumba zoumitsira za pulasitiki, zimene zinamangidwa m'madoko ena a ku Mangochi ndi Salima, zigwiritseni ntchito chifukwa zimatchinga ntchentche ndi zikumbu. Mchere umachepetsa kwambiri kuswana kwa tizilomboti. Nsomba zimene zayamba kugwidwa mungaziwambenso pamoto kuti mphutsi zife.

Chimene simuyenera kuchita ndi kuwaza pansomba mankhwala a thonje, a tomato kapena ophera mphemvu. Mankhwala amenewo sanapangidwire chakudya, ndipo amene adzadya nsombayo ndi mwana wa munthu wina ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, mwinanso wanu yemwe.

Dzina limateteza

Wina angafunse kuti maina ovuta a Chilatiniwa ali ndi phindu lanji, pamene tili ndi maina athu. Maina athu ndi chuma, ndipo katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, anasonkhanitsa ambiri a iwo m'buku lake la mu 2004, Insects and Human Life, lochokera pa kafukufuku amene anachita m'Malawi muno. Koma dzina limodzi la kwathu nthawi zina limaphimba mitundu ingapo. Tikati chambo, asayansi amaona mitundu itatu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Pamsika zonse ndi chambo. Koma chifukwa chakuti mtundu uliwonse uli ndi dzina lake, zinatheka kuzindikira kuti lidole wasowa kwambiri m'makoka, ndipo tsopano ali pa mndandanda wa zolengedwa zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Zomwezi zinachitikira wachibale wa chikumbu chathu. Nicrophorus americanus, wamkulu pa onse a ku North America, wotalika mpaka masentimita 3.5, kale ankapezeka m'zigawo 35 za dziko la United States. Pofika mu 1989 ankadziwika m'malo awiri okha, pachilumba cha Block Island ndi kummawa kwa Oklahoma, ndipo boma linamuika pansi pa chitetezo cha lamulo. Anthu anayamba kumuweta ndi kumubwezeretsa kutchire, ena anapezekanso m'madera ena, ndipo mu 2020 anachotsedwa pa gulu la zotsala pang'ono kutha n'kuikidwa pa gulu lotsatira. Pakanapanda dzina lomusiyanitsa ndi anzake ooneka mofanana naye, akanatha popanda wozindikira.

Ntchito yotcha maina sinathe. Mu 2013, Derek Sikes ndi Tonya Mousseau anafotokoza mtundu watsopano, Nicrophorus efferens, wa pachilumba cha Bougainville. Sanaupeze kutchire, koma m'mabokosi a nyumba yosungira zinthu zakale ku Hawaii, momwe unakhala zaka zoposa 40 wopanda dzina. Ichi n'chifukwa chake malo monga Museum of Malawi ku Chichiri sali ongoonerako zinthu za makolo ayi. Kachilombo kobayidwa pa singano, kolembedwa malo ndi tsiku limene kanagwidwa, ndi umboni umene wophunzira wa mawa adzaufuna.

Zimene mungachite ndi ana

Phunziro limeneli silifuna ndalama. Mwana akapeza kachilombo pabwalo, m'malo mothamangira kukapondaponda, werengani naye miyendo. Ngati ili 6, yang'anani kumsana: kodi pali chivundikiro cholimba chogawika pakati ndi mzere wowongoka? Ngati chilipo, ndi chikumbu. Funsani agogo dzina lake m'Chichewa kapena m'Chiyao, mulilembe m'kope pamodzi ndi malo ndi mwezi. Nyama yakufa musaigwire ndi manja. Ikakhala pafupi ndi nyumba kapena chitsime, ikwirireni mozama ndi khasu ndipo musambe ndi sopo.

Zikumbu za ndowe za kukhola zisiyeni, zikukulimirani nthaka. Za pa nyama yakufa kutchire zisiyeni, zikukuchotserani fungo. Koma mukaona kachikumbu kakuda ka mimba yoyera m'dengu la nsomba, kapena mphutsi zaubweya pansi pa thumba, tulutsani katundu yense padzuwa tsiku lomwelo.